Lipoti la shopu imene makasitomala ankati siili ngati kale

Mmene nkhani inandipezera

Lipotili ndi la shopu yogulitsa zipangizo zomangira ndi zokonzera m'nyumba, ya m'katauni kakang'ono, imene ndinagwira nayo ntchito monga mlangizi wa mabizinesi ang'onoang'ono. Mayina ndawasiya dala. Amene anandiitana ndi mayi wina yemwe anatenga shopuyi m'manja mwa bambo ake, iwo atakalamba ndipo maso atayamba kuwavuta. M'lipoti lino bambowo ndiziwatchula kuti achikulire, monga mmene antchito a pashopupo amawatchulira.

Achikulire anayendetsa shopuyi zaka zambiri ali kuseri kwa kauntala. Munthu ankanena chimene akufuna, iwo n'kukatenga. Mwana wawo atalowa anachita zimene aliyense wophunzira za bizinesi akanachita. Anachotsa kauntala yaitali ija n'kuika mashelefu oti munthu azidzitengera yekha. Misomali ndi mabawuti zinayamba kugulitsidwa m'timapaketi tomata kale. Polipirira panabwera kompyuta. Ngongole anaitseka tsiku limodzi, kwa aliyense.

Malonda sanakwere. Chimene chinakwera ndi dandaulo, ndipo linali limodzi lomwelo pakamwa pa anthu osiyanasiyana: shopu siili ngati kale. Mayiwa atatopa nalo anandipempha kuti ndiwawerengetsere ndalama zobwezeretsera maonekedwe akale, kutanthauza kauntala yamatabwa, sikelo ya miyala imene inali m'chipinda chosungira katundu, ndi chikwangwani cholemba ndi penti pakhomo.

Zimene anthu ankasowa

Ndisanawerengetse kanthu ndinapempha mabuku onse a shopu, akale ndi atsopano, komanso chilolezo chocheza ndi makasitomala. Munthu wopukwa zakale ukamufunsa kuti akusowa chiyani, yankho limangokhala lakuti kale kunali bwino, ndipo suphunzirapo kanthu. Ine ndimamupempha kuti andisimbire ulendo umodzi wokha umene anabwera kudzagula n'kubwerera atakhutira. Akayamba kusimba za tsiku limodzi, zenizeni zimatuluka zokha.

Pa onse amene ndinacheza nawo, kauntala sinatchulidwe, sikelo sinatchulidwenso. Bambo wina wopuma pantchito anasimba za tsiku limene anabwera ndi mpopi wodontha ataumasula wonse, atakonzeka kugula watsopano. Achikulire anautembenuza m'manja, n'kumupatsa kalabala kamodzi ka m'kati, n'kumuuza kuti akaubwezeretse pamalo pake. Mayi wina anati sanadziwepo dzina la penti ya m'nyumba mwake. Ankangoti akufuna ija ya ulendo uja, chitini choyenera n'kutuluka. Pulambala wina anati ankatenga mapaipi m'mawa n'kudzalipira mwini nyumba akamulipira, ndipo chitsekereni ngongole wakhala akukana ntchito zina chifukwa alibe mpamba woyambira. Kalipentala anadandaula kuti akafuna mabawuti awiri akumugulitsa paketi yathunthu. Panalinso achikulire anzawo ochepa amene kwenikweni ankasowa benchi imene inali pafupi ndi khomo, pomwe ankakhala n'kumacheza ngakhale asanagule kanthu.

Nkhani zonsezi zinali za munthu, osati za nyumba. Anthu ankasowa wogulitsa amene amawadziwa, amadziwa nyumba zawo, ndipo amadziwa katundu wake mpaka kutha kuwauza kuti asagule. Kauntala yamatabwa ikanabwerera, kuseri kwake kukanaima mnyamata yemwe sadziwa kuti kalabala kaja n'kati, ndipo dandaulo likanangokula chifukwa maonekedwe akanalonjeza chinthu chimene kulibe.

Zimene ndinamvazi zikugwirizana ndi zimene akatswiri a za maganizo anapeza. Constantine Sedikides ndi Tim Wildschut a pa yunivesite ya Southampton ku England, pamodzi ndi anzawo, anafalitsa kafukufuku mu 2006 wosonyeza kuti anthu akamapukwa zakale nthawi zambiri amakumbukira iwo eni ali pakati pa anthu amene ankagwirizana nawo, ndipo kusungulumwa ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadzutsa kupukwako. Kwa mlangizi wa bizinesi mfundoyi ndi chenjezo. Mbali ina ya dandaulo la makasitomala ndi yokhudza shopu, ndipo ingakonzedwe. Mbali ina ndi yokhudza anzawo amene anamwalira, unyamata umene unapita ndi tauni imene inasintha, ndipo mwini shopu angawononge mpamba wake wonse osaifika n'komwe.

Zimene mabuku ananena

Mabuku anasimba nkhani ina, yosakoma kwenikweni. Kabuku ka ngongole ka achikulire kanali konenepa, masamba ena atachita kumatidwa. Amisiri ambiri ankabweza bwino ndithu, mwezi ndi mwezi, ndipo ndi iwo ankabweretsa malonda okhazikika. Koma kunalinso masamba ambiri a anthu wamba amene ngongole zawo zinangoima, ena atasamuka, ena atamwalira. Achikulire sankakumbutsa munthu. Ankati kukumbutsa mnansi ngongole n'kumuchititsa manyazi. Zaka zawo zomalizira shopu inkalephera kulipira opikulitsa pa nthawi yake, mashelefu ena n'kumakhala opanda kanthu. Ubwino umene tauni inkautamanda unkalipiridwa ndi banja limodzi, ndipo mayiwa, amene anakulira m'banja limenelo, anali ndi chifukwa chomveka chotsekera kabukuko.

Chachiwiri chinandidabwitsa pang'ono. Anthu amene ankadandaula mokweza kwambiri, mayina awo anali atasiya kale kuoneka m'mabuku achikulire asanapume. Katundu wamkulu monga simenti ndi malata anali atayamba kale kumugula ku sitolo yaikulu ya kunja kwa tauni, ndipo zida zamagetsi ankaitanitsa pa intaneti. Pashopu pano ankabwera kudzafunsa nzeru ndi kudzagula tinthu ting'onoting'ono. Sindikuwanena. Munthu amapita kumene ndalama yake ikwanira. Koma mwini shopu ayenera kudziwa kuti wolira kwambiri si amene amagula kwambiri.

Ndinamvanso mbali imene opukwa zakale saitchula. Mayi wina wachitsikana anandiuza kuti ali mwana ankadana ndi kutumidwa kushopuyi, chifukwa aliyense wokhala pabenchi paja ankadziwa kuti kwawo ali ndi ngongole. Wina anati kale munthu wodziwika akalowa ankathandizidwa msanga, iwe wobwera kumene m'tauni n'kumangoima. Mitengo sinkalembedwa, ndipo si onse amene ankauzidwa mtengo umodzi. Kudziwidwa kumakoma kwa amene amadziwidwa bwino. Kwa mlendo, kwa wosauka, kwa wamanyazi, shelefu yokhala ndi mtengo wolembedwa ndi ufulu.

Chifukwa chake zakale zinapita

Ndinaona kuti mayi mwini shopu aja ankadziimba mlandu ngati kuti ndiwo anapha chinthu chabwino, choncho ndinawafotokozera kuti zimene anachitazo dziko linazichita kalekale, pa zifukwa zomwezo. Mu 1916 Clarence Saunders anatsegula sitolo ya Piggly Wiggly ku Memphis m'dziko la America, momwe ogula ankatenga basiketi n'kumayenda okha pakati pa mashelefu mpaka kukafika polipirira. Izi zisanachitike wogulitsa ndiye ankatenga chinthu chilichonse, kuyeza ndi kukulunga, ndipo malipiro ake ankalowa mu mtengo wa katundu. Saunders anangosamutsira ntchitoyo kwa wogula. Mu 1930 Michael Cullen anatsegula King Kullen ku Queens mu New York, sitolo imene ambiri amaitcha supamaketi yoyamba. Ku Britain kampani ya Sainsbury's inayamba njirayi ndi sitolo yake ya ku Croydon mu 1950. Sam Walton anatsegula Walmart yoyamba mu 1962 ku Rogers, Arkansas, ndipo anakulitsa bizinesi yake makamaka m'matauni ang'onoang'ono, omwe aja amene anali kwawo kwa mashopu a kauntala. Mu 1974 ku Troy, Ohio, makina anawerenga koyamba m'sitolo barcode ya mtundu wa UPC, timizere takuda timene timasindikizidwa pa katundu. Kuyambira pamenepo munthu wa polipirira sanafunikirenso kudziwa katundu amene akugulitsa.

Palibe amene anakakamiza ogula. Anapatsidwa mtengo wotsika, katundu wambiri ndi liwiro, ndipo anasankha. Chimene sanauzidwe n'chakuti pamodzi ndi wogulitsa uja pakuchokanso munthu amene ankasunga m'mutu mwake mbiri ya nyumba zawo.

Masiku ano makampani akuluakulu akuyesa kugulanso pang'ono chimene anachichotsa. Ku Netherlands, kampani ya masitolo ya Jumbo inatsegula mu 2019 ku Vlijmen malo olipirira a anthu osafulumira amene akufuna kucheza ndi kashiya, poganizira okalamba osungulumwa, ndipo kenako inawafalitsa m'masitolo ena ambiri. Mu 2023 kampani ya Booths ya kumpoto kwa England inalengeza kuti ikuchotsa makina odzilipirira wekha m'masitolo ake ambiri n'kubwezeretsa anthu. Zimenezi zikusonyeza kuti kufuna kuthandizidwa ndi munthu si nkhani ya okalamba a m'tauni imodzi. Koma sitolo yaikulu ingabwezeretse moni ndi kucheza, singabwezeretse munthu wodziwa kukula kwa mapaipi a m'bafa mwako. Pamenepo mpamene shopu yaing'ono ili ndi mwayi, ndipo mpamene ndinalangiza kuti ndalama ndi nthawi zipite.

Zimene tinachita

Kauntala yamatabwa sitinaimange. Mashelefu odzitengera wekha anakhala, mitengo yolembedwa inakhala, kompyuta inakhala. Tinangoika tebulo limodzi pafupi ndi khomo, pomwe munthu angaike chinthu chowonongeka chimene wabwera nacho, ndipo mayiwa anachoka polipirira n'kumakhala pamenepo. Kulandira ndalama aliyense angathe. Kuyang'ana loko wothyoka n'kudziwa chimene chavuta kumafuna munthu wodziwa kwambiri m'shopumo.

Ntchito yaikulu inali yotulutsa zimene zinali m'mutu mwa achikulire. Maso anali atafooka koma mutu unali bwinobwino. Tinagwirizana kuti azibwera masana ena, malonda akachepa, n'kukhala ndi mnyamata mmodzi wa pashopu. Mnyamatayo ankawapatsa chinthu m'manja, iwo n'kumunena chimene chili, chimene chimalowa m'malo mwake chikasowa, ndi chimene chimayamba kuwonongeka. Kenako ankayenda nawo m'maganizo msewu ndi msewu. Ankadziwa kuti nyumba zakutizakuti zinamangidwa nthawi imodzi ndipo zili ndi mapaipi a mtundu wakale amene sagwirizana ndi atsopano popanda cholumikizira, kuti mbali inayake ya tauni madzi amadya zitsulo msanga, kuti makomo a nyumba zina ndi ochepa kuposa a masiku ano. Zonsezi sizinalembedwepo paliponse. Poyamba ankakana, akuti zimenezi munthu amangozidziwa. Tsiku lina mwana wawo anawauza kuti, "Bambo, inu mumazidziwa, koma ine sindizidziwa, ndipo anthu akubwera kwa ine." Kuyambira pamenepo anayamba kufika nthawi isanakwane.

Si zonse zimene ananena zinali zoona lero. Nyumba zina zinakonzedwanso, katundu wina opanga anasiya kupanga. Tinaika lamulo loti chilichonse cholembedwa kuchokera kwa iwo chitsimikizidwe kasitomala woyamba akabwera nacho, ndipo chikapezeka chosiyana chikonzedwe pomwepo.

Pambali pa zimenezi tinayamba kulemba mu kompyuta zimene kasitomala aliyense wagula zoti adzazifunanso: nambala ya penti, kukula kwa paipi, mtundu wa loko. Munthu amafunsidwa kaye ngati akufuna kuti zilembedwe, ndipo akakana sizilembedwa. Ndinalimbikira pa chilolezochi chifukwa cha mayi wachitsikana uja. Zimene shopu ikudziwa za munthu zizituluka pamene iye wazifuna, osati pamaso pa anthu a pamzere. Masitolo akuluakulu nawo amasunga mbiri ya ogula kudzera m'makadi, monga kampani ya Tesco ya ku Britain inayambira ndi khadi lake la Clubcard mu 1995, koma iwo amaisunga kuti adziwe choti akutsatse. Yathuyi ndi yoti munthu akati ija ya ulendo uja, chitini chituluke.

Antchito tinawaphunzitsa kusintha funso limodzi. M'malo mofunsa kuti mukufuna chiyani, azifunsa kuti mukukonza chiyani. Munthu wofuna guluu amapatsidwa guluu. Munthu wokonza mpando amapatsidwa chimene chingagwire mpandowo, ndipo mwina si guluu. Tinawapatsanso chilolezo chimene wogulitsa wa m'sitolo yaikulu sakhala nacho kawirikawiri: kuuza kasitomala kuti asagule chodula pamene chotchipa chikwanira, ndi kumuuza kumene angachipeze ngati ife tilibe. Apa mayiwa anazengereza. Anati kutumiza munthu kwa wopikisana naye n'kutaya ndalama. Ndinawakumbutsa za bambo wa mpopi uja, amene tsiku lomwelo anagula kalabala kokha koma akusimbabe nkhaniyo mpaka pano.

Misomali ndi mabawuti zinabwerera m'mabokosi otsegula, kuti munthu agule ziwiri kapena ayezetse, mapaketi n'kukhala pambali kwa ofulumira. Poyezera tinagula sikelo yatsopano yovomerezeka pa malonda.

Ngongole inabwerera kwa amisiri okha, ndipo osati onse. Tinayamba ndi amene kabuku ka achikulire kankasonyeza kuti ankabweza. Aliyense ali ndi malire ake olembedwa ndi tsiku lobwezera, ndipo wodumpha tsikulo satenganso kanthu mpaka atamaliza. Kwa anthu wamba ngongole sinatsegulidwe. Ichi ndicho chinawawa kwambiri, ndipo ena anakwiya poyera, akuti bambo ake sakanatero. Ankanena zoona. Ndinalangiza mayiwa kuti asatsutsane nawo, koma asasunthenso.

Pa benchi tinasiyana maganizo. Ine ndinkaona kuti idya malo ndipo ibwezeretsa bwalo la miseche limene ena ankaliopa. Mayiwa ankaifuna chifukwa cha bambo awo, amene akabwera ankasowa pokhala ndi anzawo. Shopu ndi yawo, choncho benchi inabwerera, koma panja pakhonde, kutali ndi polipirira, kuti wokhalapo asamve zimene wina akugula kapena ngongole yake.

Zotsatira zake

Patapita miyezi ingapo tinaonanso mabuku. Amisiri anabwerera, ndipo ndi iwo anasintha chithunzi cha malonda, chifukwa mmisiri amagula mlungu ndi mlungu ndipo amatumiza eni nyumba kumene iye amagula. Onse amene anapatsidwa ngongole anabweza kupatula mmodzi, amene anaimitsidwa monga mwa pangano. Malonda a tinthu ting'onoting'ono anakwera, ndipo tinthu timeneti timakhala ndi phindu labwino pa kamodzi kuposa katundu wamkulu. Kubweza katundu wogulidwa molakwika kunachepa, chifukwa anthu ankachoka ndi chinthu choyenera ulendo woyamba. Phindu lonse linakwera modekha. Shopu inayambanso kulipira opikulitsa pa nthawi yake, koma sinalemere.

Odandaula mokweza aja ambiri sanabwerere kudzagula. Ena amabwera pabenchi masiku amene achikulire alipo, ndipo akunenabe kuti shopu siili ngati kale. Mayiwa anasiya kuliona dandaulo limeneli ngati muyezo wa bizinesi yawo.

Zovuta zatsopano zinabwera nazo. Kufunsa munthu chimene akukonza kumadya nthawi, ndipo m'mawa, amisiri akamathamangira kuntchito, mzere unkatalika. Tinakonza kuti amisiri azitumiza uthenga pafoni madzulo, katundu wawo n'kumupeza atalongedza. Makasitomala ena, makamaka achinyamata amene amabwera atafufuza kale pa intaneti, sankafuna kufunsidwa kanthu, ndipo antchito anayenera kuphunzira kuwerenga nkhope: wolowa molunjika kushelefu amangopatsidwa moni n'kusiyidwa. Anthu angapo anakana kuti zogula zawo zilembedwe, ndipo palibe amene anawaumiriza.

Vuto lalikulu linali la mnyamata uja amene ankakhala ndi achikulire. Atadziwa ntchito, sitolo yaikulu inamupatsa malipiro oposa, ndipo anapita. Zolembedwa zinatsala, koma luso la m'manja, lokhudza chinthu n'kuchizindikira, linapita naye. Mashopu akale vutoli ankalipewa chifukwa wodziwa ntchito anali mwini wake kapena mwana wake, amene sankalipidwa mokwanira ndipo analibe kopita. Lero luso limenelo liyenera kugulidwa pa mtengo wake. Ndinalangiza kuti antchito awiri aziphunzira nthawi imodzi, mayiwa akhale wachitatu, ndiponso kuti malipiro a wodziwa katundu asafanane ndi a wongolandira ndalama. Kuti ndalama zimenezo zipezeke, tinagwirizana kusiya kuoda simenti ndi malata, zimene zinkamanga mpamba wambiri pa phindu lochepa ndipo sitolo yaikulu inkagulitsa motsika kuposa mmene ife tinkapikulira. Malo amene katunduyo ankakhala akukonzedwa kuti pakhale makina odulira makiyi ndi podulira mapaipi pa muyezo wa kasitomala, ndipo mabuku tidzawaonanso ntchito ziwirizi zikayamba kuyenda.